Ankafuna gulu la anthu osamudziwa

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Mzuzu muli anthu oposa 220,000, koma amene anakhalamo akudziwa kuti chiwerengero chimenechi sichibisa munthu. Ukatsika minibasi ku Katoto masana, pofika madzulo a ku Mchengautuwa amakhala atamva kale kuti unali ndi ndani ndipo unanyamula chiyani. Wakabaza amene wakukweza lero ndi mphwake wa mayi amene amakugulitsa tomato, ndipo mayiyo amaimba kwaya imodzi ndi apongozi ako. Mumzinda wotere, munthu akamafuna thandizo pa vuto lochititsa manyazi, amayamba wadzifunsa kuti andiona ndani, asanafunse n'komwe kuti thandizolo lili kuti.

Ku Chibavi kunali kalipentala wina amene dzina lake tilisunga. Manja ake anali odziwika. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ankakasankha yekha ku Zigwagwa, ndipo thabwa laliwisi ankalizindikira pongolinyamula. Zitseko zake sizinkapindika nthawi ya dzinja, ndipo ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kutsanzika, ameneyo ndiye mmisiri. Anali ndi mkazi, ana atatu, anyamata awiri ophunzira ntchito, ndi makasitomala omudikira pamzere.

Mowa anauyamba monga amayambira ambiri, paketi ya Chibuku Loweruka akaweruka. Kenako kunabwera masacheti, otsika mtengo moti chenje cha misomali chinkakwanira, olowa m'thumba la ovolosi popanda wina kudziwa. Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikakuta mzinda mpaka dzuwa kukwera, ankati akuthamangitsa kuzizira. Boma litaletsa masacheti cha m'ma 2015, nkhani n'kuzungulira m'makhoti, opanga mowa anangousamutsira m'timabotolo tapulasitiki, iyenso n'kusamuka nawo. M'thumba mukauma, kachasu wa kuseri kwa nyumba ya mayi wina ankapezeka pangongole.

Kenako manja anayamba kunjenjemera m'mawa. Pensulo sinkatsatanso sikweya mpaka atamwako pang'ono. Iye ankati akuchotsa matsire, anyamata ake n'kumaseka. Koma munthu amene amafuna mowa kuti manja akhazikike wadutsa kale pa matsire. Thupi lake lafika posayenda popanda mowa, ndipo kuchokera pamenepo kumwa n'koopsa, kusiya mwadzidzidzi n'koopsanso.

Pakati pa anzake a pakachasu panali wina wowotcherera zitsulo ku Luwinga, amene anangoti zii. Ena ankati analowera ku Joni, ena ankati anamwalira kumudzi. Patapita chaka ndi miyezi anatulukira pashedi ya kalipentala uja, masaya atadzaza, akufuna chitseko cha nyumba imene ankamanga. Atamaliza za miyezo anakhala pabenchi.

"Amisiri, ine ndinasiya. Sikuti ndekha ayi. Tilipo angapo, timakumana Loweruka masana m'kalasi ya patchalitchi. Palibe cholipira. Mudzangobwera kudzakhala, ngakhale osayankhula."

"Kumabwera ndani kumeneko?"

"Zimenezo sitinena. Inunso mukadzabwera sindidzauza munthu."

"Nanga ndikakapezako kasitomala wanga?"

"Ndiye kuti nayenso wabwerera zomwezo, adada."

Kalipentala anaseka, koma mawuwo anamulowa. Loweruka lina anasamba, kuvala shati yoyera, n'kunyamuka. Atafika pageti la tchalitchi anaona amayi a chigwirizano akusesa panja, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi amene iye anamukhomerapo kabati. Anatulutsa tepi m'thumba, n'kuyamba kuyang'ana mawindo a nyumba ya kutsidya kwa msewu ngati munthu amene waitanidwa kudzayeza, kenako anapitirira. Tsiku limenelo analedzera kuposa masiku onse.

Apa m'pamene nkhaniyi imandidabwitsa. Munthu ameneyu Chibavi yonse inali itamuona. Anali atanyamulidwapo pawilibala, atagonapo m'ngalande mvula ili pamsana, atatukwanapo akuluakulu pamaliro. Nanga manyazi a pageti aja anachokera kuti? Ine ndikuona kuti manyazi a munthu woledzera ali ndi pothawira. Kukacha amati sindinali ine, unali mowa, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kulowa pakhomo la gulu lija dzuwa likuswa mtengo, uli bwinobwino, ndi miyendo yako, palibe wonamizira. Ndiwe amene wavomera, ndi mutu wako wonse, kuti chinthuchi chakukulira. Abambo ambiri amalolera kugwa m'matope pamaso pa anthu kusiyana n'kuvomera zimenezo kamodzi.

Chonsecho Mzuzu si mzinda wosowa pogwira pa nkhani imeneyi. Abale achikatolika a gulu la St John of God, ochokera ku Ireland, anafika mumzindawu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kuyamba ntchito yosamalira odwala maganizo. Lero ali ndi chipatala chogonekera odwala chotchedwa House of Hospitality, alangizi, ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso koleji yophunzitsa ogwira ntchito zachipatala. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili ku Zomba, ulendo wotha tsiku pabasi, choncho anthu amachoka ku Karonga, Chitipa ndi Nkhata Bay kutsatira thandizo limene kalipentala wathu akanalifikira wapansi. Vuto n'lakuti pakamwa pa anthu, mawu akuti "ameneyu ngwa ku St John of God" ndi chitonzo, ndipo mkazi wake atangotchula dzinalo anamuyankha kuti, "Mwandiyesa wamisala?"

Magulu a anthu osiya mowa sakhoma zikwangwani pamsewu, ndipo malo ndi nthawi yokumana zimasintha. Amene akulifuna gulu amafunsa alangizi a ku St John of God, kapena namwino woona za matenda a maganizo ku Mzuzu Central Hospital ndi kuchipatala cha Mapale, kapena abusa ndi ansembe, kapena munthu amene ankamwa naye n'kusiya. Njira zonsezi zimadutsa pa munthu wamoyo wokuyang'ana m'maso, ndipo n'zimene mkuluyu sankafuna.

Anayamba kufunafuna gulu la kutali. Anatuma mwana wake wamkulu, wa Fomu 3, kuti afufuze pafoni. Mnyamatayo anapeza misonkhano ya pa intaneti yambirimbiri, ya Chingerezi cha ku London ndi New York, ina yoyamba pakati pa usiku. Anayesa umodzi, bandulo n'kutha munthu wachiwiri asanamalize kuyankhula. Kenako anati adzalowa gulu la ku Lilongwe akadzapita kukapereka mipando, pakuti kumeneko palibe womudziwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ulendo wa ku Lilongwe sunachitike, ndipo ukanachitika, gulu limene uli nalo kutali makilomita oposa 300 silingakuthandize Lachitatu madzulo pamene khosi lauma ndipo dipoziti ya kasitomala ili m'thumba.

Mkazi wake naye sanakhale chete. Anagula mankhwala kwa sing'anga n'kumuthirira m'ndiwo mobisa. Bamboyo anasanza usiku wonse, m'mawa n'kukamwa kuti mtima ukhale pansi. Anamutengera ku mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano, kumene analumbira pamaso pa mpingo, anthu n'kululutira. Lumbirolo silinafike pa 10 Januwale.

Mantha a mkuluyu si achilendo, ndipo alipo pa chiyambi penipeni pa magulu otere. Mu Meyi 1935, Bill Wilson, wamalonda a masheya wa ku New York amene anali atatha miyezi yochepa osamwa, anapezeka ku Akron m'chigawo cha Ohio malonda atamukanika. Ataima m'hotela ya Mayflower, bala ili poteropo, anaona kuti agwa. Anaimba foni kwa m'busa amene dzina lake analipeza pa mndandanda wa matchalitchi, n'kupempha kuti amupezere chidakwa china choti acheze nacho. Anamulumikiza ndi Dr Bob Smith, amene analola kumupatsa mphindi 15 zokha, koma anacheza kwa maola. Wilson anali mlendo, analibe choluza. Smith ndiye anali ngati kalipentala wa ku Chibavi: dokotala wa maopaleshoni mumzinda umene ankakhala, woopa kuti akavomera poyera odwala amuthawa, ngakhale kuti anzake a pachipatala ankadziwa kale za kumwa kwake. Tsiku limene anamwa komaliza, limene gulu la Alcoholics Anonymous, loyambitsidwa ndi awiriwa, limaliwerenga kuti ndi 10 Juni 1935, anayendera anthu amene anawalakwira mumzinda womwewo n'kuwauza zoona. Sanamwenso mpaka imfa yake mu 1950. Kusatchula mayina kumene gululi limatsatira kunaikidwa poganizira anthu amantha ngati amenewa, kuti za m'chipinda zithere m'chipindamo.

Chimene chinamugwedeza kalipentala wathu ndi bokosi la maliro. Banja lina linalipira ndalama zonse m'mawa, n'kunena kuti lole yonyamula thupi kupita kumudzi ku Rumphi inyamuka 2 koloko. Pofika nthawiyo bokosi linalibe chivindikiro, ndalama zinali zitatha, ndipo mmisiri anali mtulo pa utuchi. Anamfedwa anakagula bokosi kwina ndi ndalama zobwereka, n'kutenga pulena, sowo ndi matchizulo ake ngati chikole. Mawu amene anamusiyira sitingawalembe pano.

Lolemba m'mawa anauza mkazi wake kuti, "Amama, kuyambira lero ndasiya. Sindikufuna gulu, sindikufuna chipatala. Mwamuna amasiya yekha." Anadzitsekera kuchipinda n'kupereka kiyi.

Aliyense amene ali ndi m'bale womwa tsiku ndi tsiku amvetse bwino zimene zinatsatira. Ubongo umene wakhala zaka ukupanikizidwa ndi mowa umazolowera kukankha mwamphamvu kuti munthu akhale maso. Mowa ukachoka kamodzin'kamodzi, kukankhako kumatsala kopanda choletsa. Pakangotha maola 6 mpaka 24 munthu amayamba thukuta, kunjenjemera, nseru ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa khunyu ngakhale sanadwalepo matendawa. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ena amalowa m'vuto limene madokotala amalitcha delirium tremens: thupi kutentha, mtima kuthamanga, mutu kusokonekera, kuona ndi kumva zinthu zimene palibe. Vuto limeneli likhoza kupha ngati munthu sanalandire chithandizo. Kuchipatala amapereka mankhwala monga diazepam, n'kumawachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi madzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Ndi chithandizo chodziwika bwino, chosafuna ndege yopita kunja.

Usiku wa Lolemba bulangeti linanyowa ndi thukuta. Lachiwiri masana mkazi anamva chiphokoso, n'kumupeza pansi akuphupha, lilime atadziluma. Pofika Lachitatu usiku ankakuwa kuti linthumbu latuluka m'makoma ndipo njoka zikutsika pa mitanda ya denga, ndipo ankayankha anthu amene ankati akumuitana panja. Achibale anasonkhana. Asibweni ake anati nkhani ndi yoonekeratu, anamfedwa aja amulodza. Azakhali ena anati ndi vimbuza, apite naye kwa wodziwa ng'oma. Anansi anayamba mapemphero. Palibe amene anaganiza za mowa, chifukwa munthuyo anali atatha masiku atatu osaulawa, ndiye ungamudwalitse bwanji?

Wowotcherera uja anamva kwa wakabaza, n'kufika usiku womwewo. Sanatsutse za ufiti, anangogwada pamaso pa asibweniwo.

"Adada, zonsezo tidzaziona. Koma panopa tiyeni naye kuchipatala, ndipo tikanene zoona, kuti amamwa tsiku lililonse ndipo wasiya Lolemba. Ine zinandichitikira zomwezi. Tikadikira kucha mwina sitimupeza."

Anagonekedwa masiku angapo, n'kutuluka wamoyo, wowonda, wofatsa. Loweruka lotsatira analowa pageti lija mnzakeyo ali pambali pake.

M'kalasimo munali anthu osakwana khumi pa mabenchi a ana. Munali msilikali wopuma ntchito, mnyamata amene anasiyira panjira maphunziro a kuyunivesite, mayi wogulitsa kaunjika amene ankakhala pafupi ndi chitseko, ndi ena. Wina ankayankhula Chitumbuka, wina Chichewa, wina kusakaniza ndi Chitonga. Panalibe wolalikira. Aliyense ankanena za iye mwini, mmene sabata yamuthera, pamene anatsala pang'ono kugwa, ndi chimene anachita. Palibe amene anadabwa kumuona. Wakabaza wina anangomupatsa moni n'kunena kuti, "Amisiri, ine ndinakunyamulanipo kawiri, kachiwiriko simunalipire." Onse anaseka, iyenso anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuseka za kumwa kwake ali wosaledzera.

Anaphunzira zinthu zing'onozing'ono zimene palibe buku la sukulu limene limaphunzitsa. Osalumbira za moyo wonse, kungosamala za tsiku lalero. Dipoziti ikalowa, ipite m'foni ya mkazi dzuwa lisanapendeke. Pobwerera kunyumba, kusintha njira kuti asadutse kuseri kwa nyumba ija. Chilakolako chikabwera, adye kaye, kenako aimbire mnzake wa m'gulu asanamwe, osati atamwa. Pamapeto ankasonkha tindalama ta tiyi, amene alibe n'kungodutsitsa mbale. Ndinenepo apa kuti gulu loona limadziwika ndi zimenezi. Likamafuna ndalama yolowera, likamagulitsa mankhwala a m'botolo, likamalonjeza kuchiritsa m'masiku asanu ndi awiri, kapena likamajambula anthu n'kuwaika pa Facebook ngati umboni, pamenepo pali malonda.

Kodi kukhala pabenchi n'kumacheza kungathandizedi? Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene limaunika pamodzi kafukufuku wa zaumoyo, linasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, wambiri wochitikira ku America. Linapeza kuti pa anthu 100 amene analowetsedwa mwadongosolo m'magulu a Alcoholics Anonymous, pafupifupi 42 anatha chaka osamwa, pamene mwa amene analandira uphungu wamtundu wina anali 35. Ndi zotsatira zabwino pa chinthu chaulere. Koma manambala omwewo akunenanso kuti oposa theka anamwanso chaka chisanathe. Magulu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake wogwa akabwerera samuimba mlandu.

Miyezi inadutsa. Anawombola zipangizo zake, manja anakhazikika, makasitomala anayamba kubwerera. Sukulu ina inamupatsa oda ya madesiki. Kutchalitchi anamusankha kukhala m'komiti ya zomangamanga, ndipo anthu anayambanso kumuitana ndi ulemu. Manyazi aja anabwerera nthawi imeneyi, atavala jekete. Munthu wa m'komiti azioneka bwanji Loweruka lililonse akulowa m'kalasi ya zidakwa? Anayamba kujomba, poyamba chifukwa cha madesiki, kenako popanda chifukwa. Mnzake atamufunsa anati, "Achimwene, ine ndinachira. Malowo asiyireni amene akudwala."

Anagwera pa ukwati wa mphwake kumudzi. Akuluakulu atakhala pabwalo, chipanda cha masese chinayamba kuzungulira, ndipo chitafika pa iye anaona kuti kukana kufuna kufotokoza, pomwe kumwa sikufuna mawu. Anati kamodzi kokha, ka ulemu. Pasanathe mwezi anali atabwerera pa mlingo wake wakale n'kuupitirira. Mu Epulo 2024, wailesi itanena za anthu amene anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wotchedwa "ambuye ntengeni", iye anaimvera nkhaniyo ali pakachasu, n'kuuza anzake kuti wa kuno ndi wophikidwa bwino.

Kubwerera ku gulu kunamukulira kuposa kulowa koyamba. Anthu aja anali atamuombera m'manja, iye anali atawauza kuti anachira, akawayang'ana bwanji? Akamuona wowotcherera uja akubwera ankakhotera m'kanjira. Sankadziwa, kapena sankafuna kukumbuka, kuti mnzakeyo anagwapo kangapo asanaime, ndipo kuti msilikali uja anabwererapo m'kalasimo akununkha mowa, anthu n'kungomusunthira malo pabenchi. Uthenga anamutumizira kudzera kwa mkazi wake, kudzera kwa mwana, kudzera kwa wakabaza. Yankho linali limodzi: ndibwera ndikayamba ndakonza zinthu zanga.

Chaka chitatha maso anayamba chikasu, miyendo kutupa, mimba kukula pamene thupi lonse likuuma. Kuchipatala anamuuza kuti chiwindi chaonongeka kwambiri, ndipo kuti akasiya mowa akhoza kuchedwetsa matendawo, koma zipsera za m'chiwindi sizifufutika. Madesiki aja anamaliza ndi mmodzi wa anyamata ake, amene tsopano ndiye mwini shedi. Mwana wamkulu sanalembe mayeso a Fomu 4, akukankha njinga ya kabaza. Mkazi akugulitsa masamba mumsika. Kalipentalayo anamutengera kwa mkulu wake ku Ekwendeni, kumene palibe lendi yolipira, ndipo kumeneko akumwabe akapeza womugulira. Wowotcherera uja amapitako pakutha pa mwezi ndi paketi ya shuga, n'kumuuza kuti ndalama ya minibasi yopita ku Mzuzu Loweruka alipira ndi iyeyo. Kalipentala amayankha kuti aganizira, kenako amafunsa ngati amayi a chigwirizano aja amasesabe panja nthawi yomweyo.